Pakamwa pa Hasekura Panali Munthu Wina

Pa 30 Januwale 1615, mu mzinda wa Madrid, mlendo wochokera ku Japan, dzina lake Hasekura Tsunenaga, anaonekera pamaso pa Mfumu Felipe III ya dziko la Spain. Anali atayenda miyezi khumi ndi isanu, nawoloka nyanja zikuluzikulu ziwiri ndi kudutsa dziko la Mexico pakati pake, atanyamula makalata a mbuye wake, Date Masamune. Iyeyo sankadziwa Chisipanishi choti n'kukambira za malonda ndi chipembedzo, ndipo mfumuyo sinkadziwa Chijapanizi. Choncho mawu onse amene anachoka kwa mlendo kupita kwa mfumu anadzera pakamwa pa munthu wachitatu, wansembe wa chipani cha Afransisko wotchedwa Luis Sotelo, mbadwa ya ku Sevilla amene anakhalako ku Japan zaka zingapo.

Sotelo sanali mpope wongodutsitsa madzi. Anali ndi zakezake mumtima. Ankalakalaka kuti kumpoto kwa Japan kukhazikitsidwe dayosizi yatsopano, iye n'kukhala episkopi wake, kuti Afransisko achoke mumthunzi wa Ajezwiti amene anali atazika kale mizu ku Nagasaki. Date Masamune, wolamula dera la Sendai, akuoneka kuti maso ake anali pa malonda achindunji ndi Mexico. Zolinga ziwirizi zinakwera chombo chimodzi, San Juan Bautista, pa doko la Tsukinoura mu Okutobala 1613, koma chimodzi chokha ndicho chinali ndi lilime lomveka ku Madrid ndi ku Rome. Patangopita miyezi yochepa chombocho chitanyamuka, Tokugawa Ieyasu analamula kuti amishonale onse achoke m'dzikomo. Mbiri imeneyi inafika ku Spain, ndipo nduna za mfumu zinayamba kuyang'ana alendowo ndi diso lokayika. Pangano la malonda silinatheke. Hasekura anabwerera kwawo mu 1620 chimanjamanja. Sotelo anazemba n'kulowanso m'Japan, anagwidwa, ndipo anawotchedwa ku Omura mu 1624.

Papita zaka zoposa 400, koma akatswiri a mbiri yakale akadakangana pa funso limodzi: mwa zonse zimene zinanenedwa ndi kulembedwa m'dzina la Date Masamune, ndi ziti zinali zake, ndipo ndi ziti zinali za womuyankhulira? Mapepala oyankhira funsoli alipo. Kalata ya Date yopita kwa akuluakulu a mzinda wa Sevilla ikusungidwa m'nkhokwe ya zolemba zakale ya mzindawo. Ina, yopita kwa Papa Paulo V, ili ku Vatican, m'Chijapanizi ndi m'Chilatini. Zolemba zina zili ku Archivo General de Indias, ku Simancas ndi ku Sendai, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaika zambiri mwa izo pa mndandanda wa zolemba zofunika kwa anthu onse. Chosowa ndi munthu woti n'kuyala pepala la Chijapanizi pambali pa la Chisipanishi, n'kuloza ndi chala pamene mawu anapatukana. Anthu otere ngowerengeka.

Apa m'pamene amalakwitsira ambiri ofuna womasulira. Wofufuza wa ku Lima amene wapeza makalata a agogo ake, wosindikiza mabuku wa ku Barcelona, woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Mexico, onsewa amayamba ndi mafunso awiri: kodi munthuyu amadziwa Chijapanizi ndi Chisipanishi, ndipo amalipiritsa zingati pa liwu? Pa intaneti pali mindandanda ya omasulira yoyankha mafunso amenewa mwachangu. Munthu amasankha zinenero ziwiri, n'kusankhanso mutu wakuti mbiri yakale, mayina n'kutuluka. Koma mutu umenewo kawirikawiri amadzisankhira womasulira mwiniwake, monga mmene wogulitsa pamsika amatamandira katundu wake. Funso loyenera kukhala patsogolo n'lakuti: Chijapanizi cha nthawi iti, ndi Chisipanishi cha nthawi iti?

Chifukwa chake chimaonekera munthu akangotsegula pepala lenileni. Mjapanizi wophunzira bwino wa lero, wowerenga nyuzipepala ndi mabuku tsiku ndi tsiku, akapatsidwa kalata ya m'zaka za m'ma 1600 kawirikawiri amangoiyang'ana. Zolemba za nthawiyo zinkalembedwa ndi burashi, zilembo zikulumikizana ndi kufupikitsidwa mpaka kusazindikirika, mwa kalembedwe kotchedwa kuzushiji. Liwu limodzi linkatha kulembedwa ndi zilembo zosiyanasiyana, malinga ndi dzanja la wolemba. Mu 1900 boma linakhazikitsa chilembo chimodzi cha kana pa liwu lililonse m'masukulu, ndipo mu 1946 linasinthanso kalembedwe n'kuchepetsa zilembo za kanji zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku kufika pa 1,850. Kusintha kumeneku kunathandiza ana kuphunzira msanga, koma kunadula mlatho wa pakati pa mdzukulu ndi dzanja la agogo ake. Kuwonjezera apo, makalata a boma ndi a anthu olemekezeka ankalembedwa m'kalankhulidwe kapadera, sorobun, kamene kali ndi galamala yakeyake. Zolemba zina za maphunziro ndi za malamulo zinkalembedwa m'Chitchaina chakale, kanbun, chimene Mjapanizi ankachiwerenga modumphadumpha, kubwerera m'mbuyo ndi kupita patsogolo, kuti chimveke m'chinenero chake. Mayeso odziwika kwambiri a Chijapanizi kwa alendo, JLPT, ngakhale pa gawo lake lapamwamba la N1, amayesa kuwerenga ndi kumva chinenero cha masiku ano. Satifiketi yake n'njabwino, koma sinena kanthu za burashi ya mlembi wa Date Masamune.

Mbali ya Chisipanishi nayo ili ndi minga yake, ndipo iyi ndiyo imaiwalika msanga, poti anthu amaganiza kuti wobadwira m'chinenerocho ndiye kuti watha zonse. Alembi a milandu a m'zaka zimenezo anali ndi kalembedwe kotchedwa procesal, komwe mawu ankakokedwa ndi kulumikizidwa mzere wonse ngati chingwe, odzaza ndi zidule. Mwana wa ku Madrid wa lero amafunika kuphunzitsidwa kaye kuti akawerenge. Akawerenga, amakumana ndi mayina achilendo: Voxu, Meaco, Taicosama, Daifusama, Faxecura. Amene sadziwa mbiri ya Japan angaganize kuti awa ndi malo ndi anthu ena osadziwika. Komatu Voxu ndi Oshu, chigawo cha kumpoto kumene Date ankalamula. Meaco ndi Miyako, mzinda umene lero ukutchedwa Kyoto. Taicosama ndi Toyotomi Hideyoshi. Daifusama ndi Tokugawa Ieyasu. Ndipo Faxecura ndi Hasekura yemwe uja. Chochititsa chidwi n'chakuti alembiwo sanalakwitse. Nthawi imeneyo liwu limene lero limamveka ngati h linkamveka pafupi ndi f, kotero makutu a Asipanishi ndi Apwitikizi anasunga katchulidwe kamene Ajapanizi eniake anakasiya. Womasulira wosadziwa zimenezi amatha “kukonza” dzinalo mwakachetechete, n'kufafaniza umboni.

Nkhani ya maudindo ndiyo yolemera kuposa zonsezi. M'zolemba za ku Ulaya, Date Masamune ankatchedwa mfumu ya Voxu. Scipione Amati, amene anatsagana ndi nthumwizo kuchokera ku Madrid kupita ku Rome, anasindikiza buku lake m'Chitaliyana mu 1615, ndipo pamutu pake penipeni Voxu akutchedwa ufumu. Koma Date anali daimyo, mwini dera wamphamvu ndi wolemera, inde, komabe wokhala pansi pa ulamuliro wa banja la Tokugawa. Sakanatha kupangana ndi dziko lina zotsutsana ndi wamkulu wake. Nayenso Ieyasu Asipanishi ankamutchula emperador, pamene mfumu yaikulu yeniyeni inali ku Kyoto, yolemekezeka koma yopanda asilikali, ndipo iwo ankaitchula Dairi. Liwu limodzi lakuti rey linasandutsa uthenga wa mwini dera kukhala uthenga wa dziko loima palokha. Linakweza ulemu wa nthumwizo, linakwezanso ulemu wa wotanthauzira wawo. Womasulira wa lero akafika pa liwu lakuti daimyo amaima pa mphambano yomweyo. Akalemba “mfumu” wabwereza kukokomeza kwa mu 1615. Akalemba señor feudal wabweretsa chithunzi cha ku Ulaya chimene sichifanana ndendende ndi cha ku Japan. Akalisiya mmene lilili ayenera kufotokoza m'munsi mwa tsamba. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo amene sadziwa kuti pali mphambano amangodutsa osayang'ana kumanzere kapena kumanja.

Masiku nawo amapusitsa. Ajapanizi ankawerenga zaka motsata mayina a nyengo, ndipo miyezi yawo inkayendera mwezi wakumwamba, kufikira pamene anatenga kalendala ya Azungu pa 1 Januwale 1873. Chombo cha Hasekura chinanyamuka pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chinayi m'chaka cha 18 cha nyengo ya Keicho. Wofulumira adzalemba 15 Sepitembala 1613, pamene tsiku lenileni pa kalendala ya ku Spain linali 28 Okutobala. Choopsa kwambiri n'chakuti lamulo lothamangitsa amishonale linalembedwa m'mwezi wa 12 wa chaka chomwecho cha Keicho 18, umene unagwera kumayambiriro kwa 1614. Amene amangoyang'ana pa tebulo n'kulemba kuti Keicho 18 ndi 1613 amaika chochitikacho m'chaka cholakwika, ndipo wofufuza amene adzamange mfundo zake pa tsikulo adzamanga pa mchenga. Miyezo ilinso chimodzimodzi. Chuma cha dera chinkayezedwa ndi koku, muyezo wa mpunga wa malita pafupifupi 180, ndipo dera la Sendai linkawerengedwa kuti n'la koku 620,000. Mtunda unkayezedwa ndi ri, imene siyofanana ndi legua ya Asipanishi, ngakhale kuti olemba akale nthawi zina ankasinthanitsa mawu awiriwa.

Kulakwitsa kotchuka kwambiri pa mbiri ya kumasulira m'Japan kunachitika Hasekura asanabadwe. Francisco Javier atafika ku Kagoshima mu Ogasiti 1549, ankadalira Anjiro, Mjapanizi amene anakumana naye ku Malacca. Pofuna liwu lotchulira Mulungu wa Akhristu, anatenga lakuti Dainichi, osadziwa bwino kuti limeneli ndi dzina la Buddha wolemekezedwa ndi a chipembedzo cha Shingon. Ansembe a Chibuda ena anamulandira ngati mnzawo wochokera ku India. Atazindikira, Javier anasiya liwulo n'kuyamba kunena la Chilatini, Deus. Olankhula Chinyanja ndi Chichewa sangaione nkhaniyi ngati yachilendo, pakuti omasulira Baibulo kuno anayeneranso kusankha pakati pa Mulungu, Chauta, Namalenga ndi Mphambe, ndipo pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova, Buku Loyera linalemba Chauta. Wolemba mbiri ya Akhristu oyambirira a ku Japan amafunika womasulira wodziwa kuti liwu limodzi lingathe kunyamula chipembedzo chonse kumsana.

Ena amati vutoli lili ndi njira yachidule: kudzera m'Chingerezi. Omasulira Chijapanizi kupita m'Chingerezi ngambiri, ndipo ochotsa m'Chingerezi kupita m'Chisipanishi ngochuluka kuposa pamenepo. Njira imeneyi yakhala ikuyendedwa kwa nthawi yaitali, ndipo n'zosakanika kuti yatsegula makomo. Buku lakale lotchuka la Genji Monogatari linafika kwa owerenga a ku Spain m'mabaibulo awiri cha mu 2005, onse osachokera mwachindunji m'Chijapanizi, ndipo lomasuliridwa kuchokera m'chinenero choyambirira linadzatulukira ku Peru pambuyo pake, ntchito ya Hiroko Izumi Shimono ndi Iván Pinto Román. Pa nthano, wowerenga amataya kukoma kwina koma amapezabe nkhani. Pa chikalata cha mbiri, chotayikacho ndi umboni. Womasulira woyamba anasankha kale tanthauzo limodzi pamene panali awiri, anasalaza kale pamene panali pokayikitsa, ndipo wachiwiri sadziwa n'komwe kuti panali chosankha. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Choipiraipira n'chakuti pa nkhani ya Japan ndi Spain, Chingerezi chimalowerera pa zokambirana zimene sichinakhalepo. Mawu ngati bateren ndi kirishitan analowa m'Chijapanizi kuchokera ku Chipwitikizi, mlongo wake wa Chisipanishi. Dikishonale imene Ajezwiti anasindikiza ku Nagasaki mu 1603, ya Chijapanizi ndi Chipwitikizi, inamasuliridwa m'Chisipanishi ndi kusindikizidwa ku Manila mu 1630. Zinenero ziwirizi zinali ndi msewu wawowawo zaka 400 zapitazo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti lero zizilankhulana kudzera mwa mlendo.

Pano pali mfundo imene imakhudza mbiri ya Amaravi mwachindunji. Kuyambira 1580 mpaka 1640 mfumu ya Spain inalinso mfumu ya Portugal. Felipe III amene analandira Hasekura ndiye analinso mfumu ya Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena. Mu 1616, Hasekura akadali ku Ulaya, Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa, nadutsa m'dziko la Amaravi, nakumana ndi wolamula wamphamvu wotchedwa Muzura. Zimene zikudziwika za ulendowo zinalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo ophunzira ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia amaziwerenga m'Chingerezi. Buku la António Gamitto lonena za ulendo wopita kwa Kazembe, limene limafotokoza zambiri za Achewa, linawafika ambiri kudzera m'kumasulira kwa Ian Cunnison kwa mu 1960. Ngati Muzura anali Kalonga kapena munthu wina wodzikweza yekha, akatswiri akadatsutsana, ndipo mbali ya mtsutsowo yagona pa mmene alendo ankamvera ndi kulembera maudindo. Alembi a mtundu womwewo amene anatcha Date mfumu ndiwo anagawanso mayina a ufumu m'chigwa cha Zambezi. Amene amamva kuwawa poona mawu akuti mwini dziko, mwini mzinda ndi nyakwawa akumizidwa onse m'liwu limodzi lachilendo, adzamvetsa chimene Mjapanizi amataya pamene daimyo ndi shogun asandulika mafumu wamba.

Si zonse za pakati pa Japan ndi maiko olankhula Chisipanishi zili m'mapepala a zaka za m'ma 1600. Mbali yofulumira kwambiri ndi ya anthu amoyo. Mu 1897 kagulu ka Ajapanizi kanakhazikika ku Chiapas m'dziko la Mexico. Pa 3 Epulo 1899 chombo cha Sakura Maru chinafika pa doko la Callao ku Peru ndi amuna 790 okagwira ntchito m'minda. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu pafupifupi 1,800 a mtundu wa Chijapanizi anachotsedwa ku Peru n'kukatsekeredwa ku United States, ambiri mwa iwo ku Crystal City m'chigawo cha Texas. Nkhondo itatha, kuyambira 1954, mabanja ochokera ku Okinawa anasamukira ku Bolivia, kufupi ndi Santa Cruz. Anthu amene anaona zimenezi ndi maso akutha, ndipo zidzukulu zawo zambiri zimalankhula Chisipanishi chokha. M'mabokosi muli makalata, mabuku a tsiku ndi tsiku, ndi mapepala a kaundula wa mabanja, koseki, olembedwa m'zilembo za nkhondo isanachitike.

Pamenepa pamafunika wotanthauzira pakamwa, ndipo luso lake n'losiyana ndi la womasulira zolemba. Womasulira ali ndi nthawi yotsegula dikishonale ndi kugona nalo funso. Wotanthauzira ali ndi mphindi imene gogo wapuma kuti akoke mpweya. Ambiri mwa amene anasamukira ku Peru, ku Bolivia ndi ku Argentina anali ochokera ku Okinawa, kumene kuli chinenero chakechake chimene munthu wa ku Tokyo sachimva. Gogo wotere amatha kuyamba chiganizo m'Chijapanizi, kutchula chakudya ndi achibale m'Chiokinawa, n'kumaliza ndi Chisipanishi cha kumunda. Wotanthauzira wa misonkhano ya malonda, ngakhale waluso chotani, adzanena zimene wamva ndipo adzadumpha zimene sanamve, ndipo zodumphidwazo n'kutheka kuti ndizo zimene wofufuza anadzera. Pepala likamasuliridwa molakwika likhoza kudikira womasulira wina zaka makumi asanu. Gogo sadikira.

Nanga anthu oyenerawa amapezeka kuti? Kawirikawiri sakhala pa msika wa omasulira. Amakhala pafupi ndi zolembazo. Ku Japan kuli nthambi yosonkhanitsa zolemba za mbiri ya pa yunivesite ya Tokyo, Shiryo Hensanjo, imene yakhala ikusindikiza mndandanda wa Dai Nihon Shiryo kwa zaka zoposa 100, ndiponso laibulale ya Kirishitan Bunko pa yunivesite ya Sophia, yoyambitsidwa ndi Johannes Laures. Ku Mexico kuli El Colegio de México, kumene maphunziro a za Asia akhala akuchitika kuyambira m'ma 1960. Ku Spain kuli mayunivesite a ku Madrid, Barcelona, Salamanca ndi Sevilla amene amaphunzitsa za Japan, ndipo ku Lima bungwe la Asociación Peruano Japonesa lili ndi nyumba yosungira mbiri ya osamukawo. Njira ina, yosalira ndalama, ndiyo kutsegula mabuku amene anatuluka kale n'kuona amene anawamasulira. Wowerenga El siglo ibérico de Japón la Antonio Cabezas, kapena Hidalgos y samurais la Juan Gil, adzapeza m'mawu am'munsi njira yopita kwa ena amene anagwirapo zolembazo. Akatswiri a ntchitoyi ngochepa moti amadziwana, ndipo amene sangathe kuigwira amadziwa amene angathe. Safunsa anadya phula.

M'mabuku omwewo muli phunziro lina. Ntchito zambiri zolimba za kumasulira Chijapanizi chakale kupita m'Chisipanishi zinagwiridwa ndi anthu awiri. Octavio Paz ndi Eikichi Hayashiya anatulutsa Sendas de Oku mu 1957. Carlos Rubio ndi Rumi Tani Moratalla anamasulira limodzi Heike Monogatari ndi Kojiki. Genji wa ku Peru uja analinso wa awiri. Izi sizinangochitika mwangozi. Kuti munthu m'modzi adziwe kuwerenga burashi ya ku Sendai, adziwe maudindo a nyengo ya Tokugawa, n'kukhalanso ndi Chisipanishi chosalala choti wowerenga wa ku Bogotá asapunthwe, pamafunika moyo wathunthu, mwinanso iwiri. Wofuna womasulira akamaumirira kupeza munthu m'modzi wodziwa zonse pa mtengo wa m'modzi, amapeza munthu wonena kuti amadziwa zonse. Kuli bwino kulipira awiri, wina wowerenga ndi kulemba chikalatacho m'zilembo za lero, wina wochisandutsa Chisipanishi, aliyense akuyang'ana ntchito ya mnzake.

Kuyesa munthu n'kosavuta monga mmene ambiri amaganizira. Kumupatsa tsamba limodzi la chikalata chenichenicho, osati lolembedwanso pa kompyuta, n'kumulipira pa tsambalo, kumaulula zambiri kuposa mndandanda wa masatifiketi. Choyenera kuyang'anitsitsa si kusalala kwa Chisipanishi chake ayi, koma mafunso amene wabweza. Ngati wafunsa kuti chikalatacho chinalembedwa liti, ndi yani, kupita kwa yani, ndiye kuti akudziwa kuti ulemu wa mawu a Chijapanizi umasintha malinga ndi wamkulu ndi wamng'ono. Ngati wasiya mpata n'kulemba kuti chilembo ichi chadyedwa ndi njenjete ndipo chingakhale chakuti kapena chakuti, ameneyo ngodalirika. Amene wabweza tsamba loyera, lopanda chikayiko ngakhale chimodzi, pa chikalata cha zaka 400, ndiye woti munthu amuope.

Pali zodandaula ziwiri zimene siziyenera kunyozedwa. Choyamba ndi mtengo. Banja la ku Callao lofuna kudziwa zimene agogo analemba silingathe kulipira pulofesa, ndipo kunena kuti asamasulitse konse kufikira atapeza katswiri n'kuwamana cholowa chawo. Izi n'zoona, ndipo yankho lake n'kusiyanitsa ntchito. Kalata ya banja ingawerengedwe ndi wokalamba wa m'bungwe la osamuka amene anaphunzira zilembo zakale ali mwana, ndipo zimenezo n'zokwanira pa chosowa cha banjalo. Koma chimene chikupita kukasindikizidwa, kukaikidwa pa khoma la nyumba ya zinthu zakale, kapena kukagwiritsidwa ntchito ngati umboni, chidzabwerezedwa ndi ena amene sadzaonanso pepala loyambirira. Pamenepo kuchepetsa mtengo n'kubzala cholakwa chimene chidzabala kwa zaka zambiri. Mabungwe monga Japan Foundation amathandiza ndi ndalama pa kumasulira ndi kusindikiza mabuku, ndipo wosindikiza amene sanayeseko kupempha sayenera kudandaula za mtengo.

Chachiwiri ndi makina. Mu 2021 ku Japan kunatuluka pulogalamu ya pa foni yotchedwa miwo, imene imayesa kuwerenga kuzushiji pa chithunzi, ndipo makina omasulira akunka nakhwima chaka ndi chaka. Zipangizozi n'zothandiza, makamaka posanthula mulu wa mapepala kuti munthu adziwe oyenera kuyamba nawo. Koma makina akalephera kuwerenga chilembo kawirikawiri sanena kuti alephera. Amapereka chilembo china molimba mtima. Ndipo ngakhale atawerenga zilembo zonse molondola, sangafunse chifukwa chimene kalata ya Chijapanizi ikunena mofatsa pamene ya Chilatini ikunena motentha, kapena amene anapindula ndi kusiyanako.

Funso lomaliza limeneli limabwezera nkhani kwa Sotelo. Iye ankadziwa zinenero zonse ziwiri, ankadziwa nthawi yake chifukwa ankakhalamo, ndipo palibe mayeso a chinenero amene akanamugwetsa. Chimene chinavuta n'chakuti iye anali ndi phindu m'zimene ankatanthauzira. Omasulira mbiri a lero nawonso ali ndi mbali zawo. Wina ndi Mkatolika amene amaona ofera chikhulupiriro 26 amene anapachikidwa ku Nagasaki pa 5 Febuluwale 1597 ngati oyera a mpingo wake. Wina ndi mdzukulu wa otsekeredwa ku Crystal City. Wina amalipidwa ndi mzinda umene ukufuna alendo odzaona malo. Palibe choipa mwa izi, ndipo nthawi zambiri chikondi chotere ndicho chimamupirira munthu zaka zophunzira burashi yakale. Chofunika n'chakuti wolemba ntchito adziwe mbali imene womasulira waima, chikalata choyambirira chisindikizidwe pambali pa kumasulirako, ndipo dzina la womasulira lilembedwe poonekera kuti wotsutsa adziwe woti amufunse.

M'tauni ya Coria del Río, m'mphepete mwa mtsinje wa Guadalquivir kufupi ndi Sevilla, kumene nthumwi za Hasekura zinakhalako, muli anthu mazana angapo amene dzina la banja lawo ndi Japón. Ambiri amakhulupirira kuti ndi zidzukulu za anzake a Hasekura amene sanabwerere kwawo. Chiboliboli cha Hasekura chaima pafupi ndi mtsinjewo, ndipo mu 2013 Naruhito, asanakhale mfumu yaikulu ya Japan, anafikako. Ku Japan kwenikweni ulendowu unaiwalika kwa zaka pafupifupi 250, kufikira mu 1873, pamene nthumwi za boma latsopano zotsogozedwa ndi Iwakura Tomomi zinafika ku Venice n'kuonetsedwa makalata akale okhala ndi dzina la Hasekura.